Mng'oma wakuya ndi mafelemu akuluakulu: kodi n'zoyenera njuchi za ku Chitipa?

Mlimi amene wayamba kuweta njuchi m'ming'oma ya mabokosi sachedwa kukumana ndi funso ili: njuchi zikadzaza bokosi la pansi, lomwe mfumukazi imaikiramo mazira, achite chiyani? Ena amati asanjikize bokosi lina lofanana nalo. Ena amati bokosilo n'lochepa kuyambira pachiyambi, choncho alizamitse ndi kuikamo mafelemu akuluakulu kuti ana onse a njuchi azikulira m'chipinda chimodzi. Ku Ulaya ndi ku Amereka mkangano umenewu wadutsa zaka 150 ndipo sunathebe. Ku Chitipa wayamba kumveka chifukwa ming'oma ya Langstroth ikufika kudzera m'mabungwe ndi m'makopaletivi, ndipo achinyamata akuonera pa foni mmene anzawo akunja amawetera njuchi.

Bokosi lakuya lili ndi ubwino wake weniweni, koma linapangidwa kuti lithetse vuto la njuchi ina, ya dziko lina. Tisanapite nalo kwa kalipentala, tiyenera kudziwa ngati njuchi ya ku Misuku, ku Wenya kapena ku Kameme ili ndi vuto lomwelo.

Boma limodzi, nyengo zosiyana

Chitipa si dera lofanana paliponse. Kuboma ndi pachidikha chokwera pafupifupi mamita 1,300, cha minda ya chimanga, mawere, nyemba ndi mpendadzuwa, ndi tchire la mombo, mtondo ndi mchenga. Ukapatukira pa Kapoka n'kukwera ku Misuku, umafika m'mapiri otalika mpaka mamita 2,000, a mvula yambiri ndi nkhungu, kumene nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zimakhala zobiriwira chaka chonse, ndipo khofi ndi nthochi zadzaza m'matsitso. Kummwera, kwa Nthalire ndi kwa Mwenewenya, midzi yayandikana ndi Nyika, komwe m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choumitsa udzu. Chakumpoto, kutsikira ku mtsinje wa Songwe, kumatentha.

Ming'oma nayonso ndi ya mitundu itatu. Wakale ndi wogoba pa chipika kapena wa khungwa, wopachika mumtengo. Wachiwiri ndi wa timatabwa toyala pamwamba, umene alangizi amautchula top bar. Mtundu wake wotchuka, wa ku Kenya, unakonzedwa mu 1971 mothandizidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Guelph ya ku Canada, ndipo kuno unafala kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene ntchito ya njuchi ya Malawi ndi Germany inkaphunzitsa midzi yozungulira Nyika ndi Vwaza. Wachitatu ndi wa mabokosi osanjikiza okhala ndi mafelemu. Uchi wa ku Misuku uli ndi dzina kale: kuli bungwe la Misuku Beekeepers Association, ndipo Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, imene kopaletivi ya khofi ya Misuku ndi membala wake, imagulitsanso uchi. Nkhani ya kuzamitsa imakhudza makamaka mtundu wachitatu, ngakhale kuti enawo ali ndi chotiphunzitsa.

Kuya kwake n'kotani

Mng'oma wa mafelemu unakhazikika pa zimene Lorenzo Langstroth anazindikira ku Philadelphia mu 1851. Anaona kuti njuchi zimasiya mpata wa mamilimita pakati pa 6 ndi 9 kukhala njira yawo. Mpata ukachepera apo zimaumata ndi utomoni, ukakulirapo zimamangamo chisa. Felemu ikapachikidwa mosiya mpata umenewu mbali zonse, imazuka bwinobwino popanda kuphwanya kanthu. Lamulo limeneli silisintha kaya bokosi ndi lalikulu kapena laling'ono, ndipo zolakwika zambiri posintha mng'oma zimachokera poliiwala.

Bokosi la pansi la Langstroth limaya pafupifupi masentimita 24 ndi theka, felemu yake masentimita 23, ndipo mumalowa mafelemu khumi. M'kati mwake muli malo a malita pafupifupi 42. Bokosi la Dadant, kapena la Jumbo, limaya pafupifupi masentimita 29 ndi theka, felemu yake masentimita 28 ndi theka. Kutalika kwa felemu cham'litali n'kofanana ndi kwa Langstroth. Kusiyana konse ndi masentimita asanu okha, koma pa felemu iliyonse malo omangapo chisa amawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo bokosi la mafelemu khumi limapitirira malita 50.

Amene analimbikira mafelemu akuluakulu, potsatira maganizo a mlimi wina wa njuchi, Moses Quinby, ndi Charles Dadant, Mfalansa amene anasamukira ku Hamilton m'chigawo cha Illinois mu 1863. Dadant ankati mfumukazi yamphamvu imasowa poikira m'bokosi la Langstroth, ndipo ikapanikizika njuchi zimagawikana, theka n'kuuluka, mlimi n'kutsala ndi gulu lofooka nthawi imene maluwa achuluka. Ku England, Brother Adam wa ku Buckfast Abbey anasintha ming'oma yake kukhala ya Dadant ya mafelemu 12. Sanasinthe yonse kamodzi. Anayamba ndi ina m'zaka za m'ma 1920, nayerekeza zokolola zake ndi za ming'oma yakale kwa zaka zingapo, ndipo anamaliza kusintha mu 1930. Lero ku France, ku Italy ndi m'maiko ena a ku Ulaya, Dadant ndiye mng'oma wa alimi ambiri.

Masamu a tizipinda

Mfundo ya Dadant ikhoza kuyesedwa ndi masamu osavuta. Mfumukazi ya ku Ulaya ikafika pachimake imaikira mazira pafupifupi 2,000 pa tsiku. Kuchokera pa dzira mpaka njuchi yantchito kutuluka pamatenga masiku 21. Ndiye kuti tizipinda 42,000 timakhala ndi ana nthawi imodzi. Felemu ya Langstroth ili ndi tizipinda pafupifupi 7,000 mbali zonse ziwiri, bokosi lonse 70,000. Zikuoneka zokwanira, koma mafelemu awiri a m'mphepete amakhala a uchi ndi mungu, m'makona mfumukazi siikiramo, ndipo pamwamba pa felemu iliyonse pamakhala mzere wa chakudya. Ukachotsera zonsezo, malo otsala amangokwanira movutikira. Kwa njuchi imeneyo Dadant ankanena zoona.

Njuchi yofala kuno, imene asayansi amaitcha Apis mellifera scutellata, ndi yaing'ono. Kachipinda kake n'kotambalala pafupifupi mamilimita 4.8, pamene phula losindikiza la ku Ulaya lili ndi tizipinda ta mamilimita 5.4. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma pa malo omwewo njuchi yathu imamanga tizipinda tochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Felemu ya Langstroth yomwe ija imakhala ndi tizipinda pafupifupi 8,750. Phindu lomwe mlimi wa ku Ulaya amalipeza powonjezera masentimita asanu, mlimi wa ku Chitipa ali nalo kale m'bokosi wamba.

Pali zina ziwiri zowonjezera. Ana a njuchi yathu amakula msanga, masiku 19 kapena 20, choncho kachipinda kamapezekanso msanga kuti mfumukazi iikiremo. Komanso zisa zake zimatalikirana mamilimita 32, osati 35 ngati za ku Ulaya, n'chifukwa chake timatabwa ta top bar kuno timadulidwa mamilimita 32. Mafelemu akapalidwa pa muyeso umenewu, m'bokosi la khumi mumalowa 11, ndipo tizipinda timapitirira 90,000. Tiyerekeze kuti mfumukazi ndi yoikira kwambiri, mazira 2,500 pa tsiku: kwa masiku 20 ikufuna tizipinda 50,000. Malo alipo ndi otsala.

Masamuwa amagwira pokhapokha njuchi zitaloledwa kumanga tizipinda ta msinkhu wawo. Mlimi amene wagula phula losindikiza la njuchi za ku Ulaya, ndi mafelemu otalikirana mamilimita 35, wataya phindu lonseli, ndipo akaona kuti bokosi ladzaza amaganiza kuti vuto ndi kuya kwake. Nthawi zambiri mankhwala otsika mtengo ndi kupala mapewa a mafelemu ndi kumata kamzere kochepa ka phula pamwamba, njuchi n'kumanga zokha.

Njuchi yosachedwa kusamuka

Njuchi ya ku Ulaya imakhala miyezi ingapo ya chisanu yosatuluka. Kuti ipulumuke imafuna nyumba yaikulu ndi uchi wambiri, ndipo kusamuka nthawi yolakwika ndi imfa. Thomas Seeley, pofufuza njuchi zakutchire ku New York, anapeza kuti zimakonda mphako ya malita pafupifupi 40. Njuchi ya m'miombo inazolowera zina. Adani ake ndi moto wolusa, chilala, linthumbu, chiuli ndi munthu wofula ndi muuni. Njira yake yopulumukira ndi kuswana msanga, kugawikana kangapo pa chaka, ndi kusamuka gulu lonse chakudya chikatha kapena ikasokonezedwa. Imalowa ngakhale m'mphako yaing'ono, m'chulu kapena kudenga.

Apa ndi pamene lonjezo lalikulu la bokosi lakuya limafookera. Ku Ulaya kupereka malo ambiri kumachepetsa kugawikana. Kuno kumathandiza pang'ono, koma sikuletsa, chifukwa kugawikana kuli m'chibadwa cha njuchiyo. Ndipo malo ochuluka ali ndi choopsa chake. Gulu limene langolowa mng'oma nthawi zambiri ndi laling'ono. Chisa chimene njuchi sizikuchiphimba chimagwidwa ndi mphutsi za gulugufe wodya phula, ndipo tizikumbu tating'ono ta mumng'oma timabisala m'makona opanda alonda. Zikachuluka, njuchi sizilimbana nazo: zimanyamuka. Alimi a Dadant amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakhala ndi thabwa lotchinga limene amasuntha kuti chipinda chizikula pamodzi ndi gulu. Bokosi lakuya lopanda thabwa limeneli, lochezeredwa kawiri pa chaka, likhoza kukhala lopanda njuchi nthawi yaitali kuposa bokosi wamba.

Dziko la Brazil lili ndi phunziro. Mu 1956 Warwick Kerr anatengera kumeneko mfumukazi za ku Afirika, ndipo chaka chotsatira magulu ena anathawira kutchire nafalikira dziko lonse. Lero alimi a ku Brazil amaweta zidzukulu za njuchi zomwezo, amagulitsa uchi wambiri kunja, ndipo mng'oma umene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Langstroth wa muyeso wamba. Chimene anasintha ndi kagwiridwe: zofukizira utsi zazikulu, zovala zabwino, kutalikitsa ming'oma ndi nyumba za anthu, ndi kusankha mfumukazi zofatsa.

Pamene bokosi lakuya limapambana

Tisalikane lonse. Likayerekezedwa ndi mabokosi awiri a ana osanjikizana, bokosi limodzi lakuya lili ndi zabwino zitatu.

Choyamba ndi kutentha. Ana a njuchi amafuna madigiri 34 mpaka 35 usana ndi usiku. Mfumukazi imaikira mozungulira, ndipo njuchi zimaunjikana pa anawo kuti ziwafunditse. M'mabokosi awiri, pakati penipeni pa chisa pamadutsa thabwa la pansi la felemu ya pamwamba, mpata, ndi thabwa la pamwamba la felemu ya pansi. Mfumukazi imazengereza kuwoloka pamenepo, ndipo njuchi zimafunditsa matabwa m'malo mwa ana. Felemu yaikulu ilibe chodula chimenechi. M'mapiri a Misuku ndi m'mphepete mwa Nyika, kumene usiku wa Juni umazizira kwambiri, mfundoyi ndi yolemera kuposa ku Songwe.

Chachiwiri ndi nthawi imene mng'oma umakhala wotsegula. Kuyang'ana mafelemu khumi n'kosiyana ndi kuyang'ana makumi awiri, komanso palibe kunyamula bokosi lodzaza ana n'kuliika pansi. Ndi njuchi zaukali ngati zathu, mphindi iliyonse imawerengedwa, makamaka pamene ming'oma ili pafupi ndi munda wa khofi kapena njira ya ana asukulu.

Chachitatu ndicho chofunika koposa kuno. Pa felemu yakuya njuchi zimasunga uchi wochuluka pamwamba pa ana, ndipo mlimi sangautenge osawononga anawo. Bokosilo limasanduka nkhokwe imene mwini mng'oma sangapanguleko ngakhale atasowa ndalama ya feteleza. Kufula mopsereza ndi chimodzi mwa zifukwa zimene njuchi zimathawira pakangopita milungu yochepa mlimi atakolola, makamaka mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikamagwa mosalekeza n'kuzitsekera m'nyumba. Komabe phindu limeneli mlimi akhoza kulipeza popanda thabwa latsopano, pongodziletsa kukhudza bokosi la pansi.

Walira mvula walira matope

Masentimita asanu aja ali ndi mtengo. Bokosi lakuya limafuna thabwa lotambalala masentimita 30 litapalidwa kale. Matabwa otere a paini kapena a malaina ndi osowa, ndi odula, ndipo akakhala osauma bwino amapindika. Kalipentala akalumikiza awiri, polumikizirapo pamatseguka dzuwa likawomba, n'kukhala khomo la nyerere. Kufuna thabwa lotambalala kumatanthauzanso kudula mtengo waukulu, m'dera limene ulimi wa njuchi unalimbikitsidwa kuti uteteze nkhalango.

Felemu yaikulu imanyamula chisa cholemera, chimene chikadzaza uchi chimayandikira makilogalamu anayi. Popanda mawaya okungika bwino, chisa chatsopano chimasosoka mlimi akangochipendeketsa masana a Okutobala. Waya wosachita dzimbiri, phula losindikiza la msinkhu umenewo ndi sefa yotchinga mfumukazi ndi zinthu zogula kutali, ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa malire. Ngakhale msewu wa Karonga ndi Chitipa uli wa tala, kukafika nazo ku Misuku kapena ku Nthalire nyengo ya mvula si ntchito yamasewera.

Vuto lalikulu ndi kusiyana kwa miyeso. Mlimi wa Langstroth amene mabokosi ake onse ndi ofanana akhoza kuchotsa felemu ya ana mumng'oma wamphamvu n'kupatsa wofooka, kukweza felemu ya uchi m'bokosi la pamwamba, kapena kugawa gulu limodzi kukhala awiri ndi mabokosi omwe ali nawo. Akazamitsa bokosi la pansi, felemu yake silowanso mu supa, bokosi la pamwamba losungiramo uchi, ndipo makina ambiri opukusira uchi saikwana. Timabokosi tokolera njuchi timayenera kupangidwanso. M'kalabu ya anthu makumi awiri, mmodzi akasintha yekha, wadzipatula pa kubwerekana zipangizo. Kopaletivi imene ikugula katundu ndi thandizo la mabungwe iyenera kugwirizana za muyeso isanaitanitse, chifukwa muyeso wosankhidwa tsiku limenelo udzalamulira zogula za zaka khumi zotsatira.

Pa kulemera, mabokosi onse awiri ali ndi mbali yake. Bokosi la Langstroth lodzaza uchi limafika makilogalamu 35 kapena 40, katundu wovuta kutsika naye m'matsitso a Misuku. Alimi a Dadant amagwiritsa ntchito masupa afupiafupi, osavuta kunyamula, ndipo bokosi la pansi salisuntha. Koma masupa afupiafupi akhoza kuikidwanso pa Langstroth wamba.

Mmene amasinthira

Kwa amene waganiza bwino n'kusankha kusintha, njira zilipo zinayi, ndipo sizifanana kuopsa kwake.

Njira yoyamba ndi kukhomera mkombero wa thabwa wa masentimita asanu kunsi kwa bokosi lakale. Uyenera kukhala kunsi, chifukwa pamwamba ndi pamene pali mphako yopachikira mafelemu. Mafelemu akale amatsala momwemo, ndipo njuchi zimamanga chisa kunsi kwake, nthawi zambiri cha tizipinda ta njuchi zazimuna. Mlimi amalowetsa mafelemu aakulu awiriawiri m'mphepete mwa ana, akale n'kumawasunthira kukhoma mpaka atakhala opanda ana, kenako n'kuwachotsa. Zimatenga nyengo yathunthu kapena ziwiri, koma njuchi sizidzidzimuka.

Yachiwiri ndi kuika bokosi latsopano pamwamba pa lakale nthawi imene gulu likukula. Njuchi zikamanga zisa zingapo ndipo mfumukazi ikakwera n'kuyamba kuikira kumwamba, mlimi amaika sefa pakati kuti isatsikenso. Pakatha masiku 24 ana onse a pansi, ndi aamuna omwe, amakhala atatuluka, ndipo bokosi lakale limachotsedwa, phula lake n'kusungunula. Ubwino wa njirayi ndi woti zisa zakale zakuda zimatha zonse. Chofunika kusamala n'chakuti sefa zina zopangira njuchi za ku Ulaya mfumukazi yathu yaing'ono imatha kupyola, choncho pakatha sabata mlimi aonenso ngati pansi palibe mazira atsopano.

Yachitatu ndi kukutumulira njuchi zonse m'bokosi latsopano tsiku limodzi. Ku Ulaya amachita, ndipo zimayenda. Kuno ndi njira yachidule yotayira gulu. Chimene chimagwira njuchi yathu pamalo ndi ana osatsekedwa. Ikapezeka m'bokosi lonunkha thabwa latsopano, lopanda mwana ndi mmodzi yemwe, mawa lake ili pa nthambi.

Yachinayi ndiyo yosavuta koposa: kusiya ming'oma yakale momwe ilili, n'kuyamba muyeso watsopano ndi magulu atsopano. Kabokosi kokolera ka mafelemu aakulu asanu, kopakidwa phula ndi kupachikidwa mumtengo nthawi imene njuchi zikuyendayenda, kamagwira gulu, ndipo likakhazikika limasamutsidwira m'bokosi lalikulu pamodzi ndi mafelemu ake, thabwa lotchinga lili pambali.

Njira iliyonse imadalira nyengo. Njuchi zimadya uchi wa makilogalamu pakati pa 6 ndi 8 kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula, ndipo sizimanga chisa ngati timadzi ta m'maluwa sitikulowa. M'madera a miombo maluwa aakulu amabwera kawiri: mitengo ya mtundu wa mombo imachita maluwa m'chilimwe, uchi wake n'kufulidwa chakumapeto kwa chaka, ndipo ya mtundu wa mtondo ndi mchenga imachita maluwa chakumapeto kwa mvula, pamodzi ndi mpendadzuwa ndi zomera za m'minda, uchi wake n'kufulidwa nyengo yozizira ikamayamba. Nthawi yosinthira ndi kumayambiriro kwa nyengo ziwirizi, pamene njuchi zayamba kulowa ndi mungu wambiri ndipo m'mphepete mwa zisa mwayamba kuyera ndi phula latsopano. Pakati pa chisanu ndi pakati pa mvula ya dzinja si nthawi yake. Ku Misuku kalendala imatsata khofi, bulugamu ndi mitengo ya m'nkhalango, choncho mlimi aziyang'ana pakhomo pa mng'oma osati tsiku la mwezi. Ndipo avomereze kuti nyengo yosinthirayo adzakolola zochepa.

Nanga top bar ndi mng'oma wa khungwa?

Mlimi wa top bar akamva nkhaniyi asathamangire kuzamitsa wake. Mng'oma umenewu umaya kale masentimita pakati pa 25 ndi 30, kutanthauza kuti chisa chake chimatsika kuposa cha mu felemu ya Langstroth, ndipo palibe thabwa lodula pakati pa ana. Zabwino zambiri zimene Dadant ankafuna zilimo kale. Malire ake ndi oti chisacho chimalendewera ku kathabwa kamodzi, popanda waya kapena felemu. Chikapitirira masentimita 30, kulemera kwa uchi ndi kutentha kumachidula, ndipo njuchi zimayamba kuchimata kukhoma kuti chilimbe, zomwe zimachititsa kuti chisazukenso. Top bar ikachepa, yankho ndi kuitalikitsa, kuwonjezera timatabwa, kapena kufula kawirikawiri.

Mng'oma wa khungwa ndi wa chipika sitiyeneranso kuupeputsa. Uchi wambiri umene Zambia imatumiza ku Ulaya kuchokera ku Mwinilunga ndi ku Kabompo umachokera m'ming'oma ya makungwa, ndipo ku Tabora ku Tanzania ming'oma yachikale ndiyo yakhala msana wa malonda a uchi ndi phula. Nzeru yake ndi yogwirizana ndi njuchi yosamukasamuka: ming'oma yambiri yotsika mtengo, yoti ina ikakhala yopanda njuchi mlimi sanataye zambiri. Imapatsanso phula lochuluka, lomwe silionongeka ndipo lili ndi msika wake. Choipa chake ndi kupha mtengo pousenda khungwa, ndipo n'chifukwa chake pafupi ndi nkhalango zotetezedwa anthu akulimbikitsidwa ming'oma ya matabwa. Phunziro lake ndi loti mng'oma ukamakwera mtengo, kutayika kwa mlimi kumakulanso mng'omawo ukakhala wopanda njuchi, ndipo bokosi lakuya ndilo lodula pa onse.

Woyenera kusintha ndani

Funso loyamba si la masentimita. Mlimi awerenge ming'oma yake, aone kuti ndi ingati imene ili ndi njuchi, ndi ingati imene gulu lakhalamo chaka chathunthu osathawa. Ngati theka ili yopanda kanthu, ndalama ya matabwa otambalala ndi bwino ipite ku miyendo yopaka girisi yoletsa nyerere, ku mawaya ndi zomangira zoletsa chiuli, ku mthunzi, ku madzi a m'chilimwe, ku kulambula udzu moto usanafike, ndi ku timabokosi tokolera. Zimenezi zimawonjezera uchi msanga kuposa muyeso uliwonse wa felemu.

Kusintha kumayenera mlimi amene magulu ake amakhalitsa, amene nthawi ya maluwa amapeza mafelemu asanu ndi atatu kapena kuposerapo ali ndi ana kuchokera pamwamba mpaka pansi ngakhale atakonza kale katalikiridwe ka mafelemu ndi msinkhu wa tizipinda, amene amatsegula ming'oma yake pafupipafupi moti angathe kusuntha thabwa lotchinga, ndiponso amene ali ndi kalipentala wodziwa kusunga mpata wa mamilimita 6 mpaka 9. Alimi otere akuyembekezeka kupezeka kwambiri m'madera ozizira a maluwa okhalitsa, ngati Misuku, kusiyana ndi m'zidikha zouma.

Ngakhale kwa iwo, njira yanzeru ndi ya Brother Adam. Kalabu isankhe malo amodzi, iike ming'oma isanu yakuya ndi isanu ya muyeso wamba mosakaniza, isamalire yonse mofanana, ndipo mlembi azilemba zinthu zinayi: tsiku limene njuchi zalowa, tsiku limene zathawa ngati zathawa, makilogalamu a uchi ndi phula pa kufula kulikonse, ndi ndalama zonse zimene mng'oma wadya. Pakatha zaka ziwiri, kutanthauza nyengo zinayi za uchi, bukulo lidzasonyeza ngati masentimita asanu aja akubweza ndalama yake pa phiri limenelo. Yankho la ku Misuku likhoza kusiyana ndi la ku Kameme, ndipo kalabu iliyonse iyenera kukhala ndi lake isanagule thabwa la mng'oma wa khumi ndi chimodzi.